Tinagonjetsa timu ya nambala 14, koma pamndandanda sitikupezekapo: kodi mavoti a quiz bowl ndi achilungamo?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa wophunzira wina wa kwathu amene ali ku United States, ikukhudza quiz bowl, masewero opikisana kuyankha mafunso, ndipo ndaifupikitsa motere:

"Ndine wophunzira wa chaka chachitatu pa yunivesite ina ya boma. Chaka chatha ndinalowa kalabu ya quiz bowl, ndipo chaka chino anzanga anandisankha kukhala kaputeni. Mwezi wa November tinapambana masewero 8 mwa 11 pa mpikisano wina, ndipo imodzi mwa matimu amene tinawagonjetsa ndi timu yotchuka, imene tinaiposa ndi mapointi 45. Koma mndandanda wa matimu 25 apamwamba, umene umasanjidwa ndi mavoti, utatuluka, timu ija ili pa nambala 14, pamene ife dzina lathu silikupezekapo n'komwe. Ndamva kuti awiri mwa ovota anaphunzira pa sukulu ya timu imeneyo. Anzanga akwiya kwambiri: ena akufuna tilembe kalata yodandaula poyera, ndipo mmodzi akuti tingosiya kupita ku mipikisano chifukwa zonse amapangiratu. Chondivuta china n'chakuti ofesi yoona za makalabu imatifunsa kuti tili pa nambala chani tikamapempha ndalama za ulendo. Kodi mavoti amenewa ndi achilungamo? Nanga ine monga kaputeni ndichite chiyani?"

Achemwali, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu, ndipo musanachite china chilichonse ndikupempheni kuti kalata yodandaula ija muyambe mwaisunga kwa sabata imodzi. Kupsa mtima kwa anzanu ndikukumvetsa, chifukwa pa zaka zimene ndakhala m'masewerowa, poyamba monga wosewera, kenako monga wowerenga mafunso, ndipo kangapo monga mmodzi mwa ovota, sindinaonepo mndandanda umene unatuluka popanda wina kuudandaula. Komabe mtima wanu ukhale m'malo pa mfundo imodzi yaikulu: mndandanda umenewu sutsekera timu yanu khomo lililonse. Palibe timu imene imaitanidwa kapena kukanidwa ku mpikisano wa dziko lonse chifukwa cha mavoti amenewa, ndipo palibe chikho chimene chimaperekedwa powatsatira. Ndi maganizo a anthu ochepa amene anadzipereka kuwonkhetsa zimene akuona, ndipo maganizo a anthu amatha kulondola, amathanso kuphonya.

Pofuna kuti owerenga amene sanaonepo masewerowa atitsatire, ndifotokoze mwachidule. Gwero lake ndi pulogalamu ya College Bowl, imene inayamba pa wailesi mu 1953 n'kulowa pa kanema mu 1959, ndipo University Challenge ya ku Britain, imene inayamba mu 1962, inatengera pomwepo. Amene ankaonera Zain Africa Challenge, mmene mayunivesite a ku Malawi ndi ku Zambia ankapikisana ndi anzawo a ku Kenya, Uganda ndi Tanzania, ali nacho kale chithunzi chake. Masiku ano mipikisano ya makoleji ku America imayendetsedwa makamaka ndi mabungwe awiri, ACF imene inayamba mu 1991 ndi NAQT imene inayamba mu 1996. Matimu awiri a anthu anayianayi amakhala m'kalasi, aliyense kabatani kali m'manja, ndipo wowerenga amawerenga funso lolimbirana, lotchedwa tossup, limene limayamba ndi mfundo zodziwa akatswiri okha n'kumafewa pang'onopang'ono. Woyamba kudina n'kukhoza amapatsa timu yake mapointi 10, kapena 15 ngati wadina koyambirira pa mafunso amene amalola zimenezo, koma akadula wowerenga pakamwa n'kulakwa timu imachotseredwa 5. Timu imene yakhoza imalandira bonasi ya zigawo zitatu, chilichonse cha mapointi 10, ndipo apa onse anayi amaloledwa kukambirana. Kawirikawiri masewero amodzi amakhala ndi mafunso olimbirana 20.

Tiyambe ndi masewero anu aja, chifukwa ndi pamene pagona mkwiyo wonse. Kupambana n'kupambana, ndipo palibe amene angakulandeni, koma taonani kukula kwa funso limodzi. Mukakhoza tossup n'kusesa bonasi yonse, mwapeza mapointi 40. Anzanuwo akanakuyambirirani kudina n'kuchita chimodzimodzi, 40 imeneyo ikanapita kwa iwo. Ndiye kuti funso limodzi lokha likhoza kusuntha kusiyana kwa matimu awiri ndi mapointi 80, kapena 90 pamene pali mapointi a kudina msanga. Masewero amene munapambana ndi 45 akanatha kutembenuka chifukwa cha chala chimodzi chimene chinafika pa batani kanthawi kochepa kwambiri chisanafike china. Ndakhalapo kutsogolo kwa kalasi ndikuwerenga funso lomaliza, osewera atatu n'kudina pamodzi pa liwu limodzi, nyali n'kuyaka kwa mmodzi yekha, ena awiriwo atatsegula kale pakamwa kuti anene yankho lomwelo. Wolemba mapointi amalemba kuti timu iyi yapambana, koma aliyense m'chipindamo amadziwa kuti onse atatu ankalidziwa yankho. N'chifukwa chake wovota wodziwa ntchito sapereka mphamvu yaikulu ku masewero amodzi, ndipo mmenemo sakulakwa.

Palinso funso limene simunalitchule, ndipo ndikupemphani mulifufuze musanalankhule ndi wina aliyense: kodi timu ija inabwera yonse tsiku limenelo? Mipikisano ya m'kati mwa chaka imagwa Loweruka, nthawi zina pafupi ndi mayeso, ndipo sukulu zikuluzikulu zimakonda kugawa osewera awo abwino m'matimu awiri kapena atatu kuti atsopano aphunzire. Mwina munagonjetsa dzina la sukuluyo koma wosewera wawo wa sayansi, kapena wa mabuku, anatsala kunyumba akulemba pepala lake la digiri yachiwiri. Ovota amaika timu pa nambala poganizira anthu anayi amene adzakhale pa tebulo mu April, osati amene anakwanitsa kukwera galimoto mu November. Ngati mutapeza kuti anabwera onse, ndiye kuti dandaulo lanu lalemerako. Ngati anasowa mmodzi kapena awiri, mwapulumuka ku manyazi amene kalata ija ikanakubweretserani.

Tsopano ndifike pa chimene ine ndimachiona kuti ndi muzu wa mikangano yambiri ya mavotiwa. Ovota amapatsidwa funso looneka losavuta, lakuti asanje matimu 25 abwino koposa, koma aliyense amalimva mwa njira yake. Wina amasanja potsatira zimene matimu achita kale chaka chino, wina amalosera amene adzapambane kumapeto, ndipo wina amaganizira timu iliyonse ili yathunthu ngakhale kuti sinasewerepo yathunthu. Mapepala atatu amenewa akawonkhetsedwa pamodzi, chotuluka sichiyankha funso lililonse mwa atatuwo. Vutoli limakulanso chifukwa mipikisano ya dziko lonse ilipo iwiri, ICT ya NAQT ndi ACF Nationals, ndipo siyesa luso limodzi ndendende. Mafunso a NAQT ndi aafupi, kwa zaka zambiri ankaseweredwa ndi wotchi, ndipo amapereka malo ochulukirapo ku nkhani zochitika masiku ano, za malo a dziko, zamasewero ndi zosangalatsa; a ACF ndi aatali, saseweredwa ndi wotchi, ndipo amatsamira kwambiri pa maphunziro a m'kalasi. Mu 2013 ICT inapita ku yunivesite ya Yale pamene ACF Nationals inapita ku yunivesite ya Illinois.  Zimachitika kuti timu imodzi itenge zonse ziwiri, monga inachitira Virginia mu 2014, koma ngati ngakhale mabwalo enieniwo amatha kupereka mayankho awiri m'mwezi umodzi, sitingayembekezere kuti anthu ovota mu December agwirizane pa yankho limodzi.

Chida chimene ovota osamala amadalira kwambiri ndi avereji ya mapointi amene timu imapeza pa bonasi iliyonse, imene osewera amangoitchula kuti PPB. Ubwino wake n'ngwakuti pa bonasi timu imayankha yokha popanda mdani woilanda, kotero nambala imeneyi sidalira kwenikweni kuti munakumana ndi ndani. Popeza mafunso amodzimodzi amaseweredwa m'madera angapo a dzikolo, wovota akhoza kuyerekeza timu ya ku California ndi ya ku New York zimene sizinakumanepo. Koma nambala imeneyi iyenera kuyerekezedwa pa mafunso ofanana okha. ACF Fall ndi ya ongoyamba kumene, ACF Regionals ndi yolimbirapo, ndipo Nationals ndi yolimba kwambiri, moti timu yopeza mapointi oposa 20 pa bonasi za Fall ikhoza kutsika kwambiri ikafika pa mafunso ovuta. Zimachitika kuti matimu awiri afanane pa mafunso osavuta koma n'kutalikirana pa ovuta, chifukwa ina imadziwa zinthu zambiri pamwamba chabe pamene inzake inazama nazo. Simunanene kuti mpikisano wanu wa November unali wa mlingo uti. Ngati unali wa mafunso osavuta, ovota ambiri anauona ngati umboni wopepuka, ndipo ine ndikanachita chimodzimodzi. Muyenera kudziwanso kuti masewero 8 mwa 11 m'dera la matimu ofooka safanana ndi 6 mwa 11 m'dera limene muli Chicago, sukulu imene yatenga zikho zambiri m'mbiri ya masewerowa.

Zonsezi sizikutanthauza kuti ovota alibe mlandu, ndipo pano ndilankhula monga munthu amene anagwirapo cholembera. Pepala la voti limalembedwa usiku, munthu atatopa ndi ntchito yake yeniyeni, ziwerengero za mipikisano isanu kapena isanu ndi umodzi zili zotsegula pa kompyuta. Matimu khumi oyambirira amatenga ola lathunthu, chifukwa munthu amadziwa kuti anzake adzamufunsa akalakwitsa pamenepo. Akafika pa nambala 19 kutsika m'munsi, maso alemera, ndipo dzanja limayamba kulemba mayina amene lazolowera. Chaka china ndinaika sukulu ina yotchuka pa nambala yabwino chifukwa cha mbiri yake, n'kudzazindikira mavoti atatuluka kale kuti osewera ake awiri amene ndinkawaganizira anali atamaliza maphunziro miyezi ingapo m'mbuyomo. Tsobola wakale sawawa, koma pa mapepala a voti amawawabe kwa chaka chimodzi kapena ziwiri. Panalibe amene anandinyengerera kapena kundipempha. Unali ulesi wamba, ndipo timu ina yosadziwika ngati yanu ndi imene inaluza malo chifukwa cha ulesi umenewo. Matimu a m'madera akutali, komanso a ku Canada ndi ku Britain amene amakumana ndi a ku America mwa apo ndi apo, amavutika ndi zomwezi, chifukwa munthu amakhulupirira msanga timu imene anaiona ndi maso ikumuchotsa pa bwalo kusiyana ndi imene amangoiwerenga m'ziwerengero.

Kawonkhetsedwe kakenso kali ndi zachilendo zake zimene ambiri sazidziwa. Njira yozolowereka ndi yakuti timu yoikidwa pa nambala 1 imapeza mapointi 25, ya nambala 2 imapeza 24, mpaka ya nambala 25 imene imapeza 1. Ndi mtundu wa njira imene Jean-Charles de Borda anaipereka ku France mu 1770, ndipo zimanenedwa kuti atauzidwa kuti ovota ochenjera akhoza kuipotoza, anayankha kuti iye anaikonzera anthu oona mtima. Tiyerekeze kuti ovota alipo 15. Onse aika timu yoyamba pa nambala 20, ndipo yapeza mapointi 6 kwa aliyense, onse pamodzi 90. Timu yachiwiri aiika pa nambala 8 anthu 6 okha, ena 9 sanaitchule n'komwe, koma yapeza 18 kuchulukitsa ndi 6, amene ndi 108. Timu yachiwiriyo ikhala pamwamba ngakhale kuti ovota 9 mwa 15 anaona kuti yoyamba ndiyo yabwino. Chitsanzo china chikukhudzani kwambiri: wovota mmodzi yekha akaika timu ya kwawo pa nambala 5, waipatsa mapointi 21, amene akuposa 15 ya timu imene ovota onse anagwirizana kuti ndi ya nambala 25. Kumunsi kwa mndandanda, kumene inu mukulimbirana malo, munthu mmodzi ali ndi mphamvu yaikulu kwambiri, ndipo kusiyana kwa nambala 23 ndi timu yotsala kunja nthawi zambiri kumakhala kochepa moti sikuyenera kukumanitsani tulo.

Mfundo yakuti "tinawagonjetsa, choncho tikhale pamwamba pawo" imagweranso m'dzenje lina. Pa mpikisano uliwonse waukulu mudzapeza timu yoyamba itagonjetsa yachiwiri, yachiwiri itagonjetsa yachitatu, yachitatuyo n'kugonjetsa yoyamba ija. Marquis de Condorcet analemba za kuzungulira kotereku pa nkhani ya zisankho mu 1785, ndipo palibe mndandanda umene ungakhutiritse matimu atatu onsewo. Masewero atatu amene munagonja aja, munagonja kwa ndani? Ngati imodzi mwa matimuwo ili yofooka kuposa inu, nayonso ili ndi ufulu wolemba kalata yofanana ndi yanu.

Nanga za ovota awiri amene anaphunzira pa sukulu ija? Nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo mbiri ya mpira wa makoleji wa ku America, kumene mwambo wa mavotiwu unachokera, ikusonyeza kuti si nkhambakamwa. Mavoti a atolankhani oyendetsedwa ndi bungwe la nkhani la Associated Press (AP) anayamba mu 1936, ndipo pambali pake pali mavoti a makochi. Kumapeto kwa nyengo ya 2003 yunivesite ya LSU inatenga chikho cha dziko lonse chotchedwa BCS pamene AP inaika yunivesite ya USC pa nambala 1, ndipo kumapeto kwa 2004 AP inapempha kuti mavoti ake asamagwiritsidwenso ntchito posankha matimu osewera masewero omaliza. Kuyambira 2005 mapepala omaliza a makochi anayamba kuonetsedwa poyera, ndipo ofufuza awiri, Matthew Kotchen ndi Matthew Potoski, atawasanthula anapeza kuti makochi ankakweza matimu awo ndi a m'ligi yawo. Ngati akuluakulu olipidwa bwino amene dziko lonse likuwayang'ana amachita zimenezi, wophunzira wa digiri yachiwiri wovotera anzake amene amadya nawo sangakhale mngelo. Kusiyana kwake n'kwakuti ku mpira kuja mavoti ankasuntha ndalama zambiri, pamene kwa inu amasuntha ulemu wokha.

Koma musathamangire kunena kuti aliyense wokhudzana ndi timu asamavote. Anthu a quiz bowl ya makoleji ndi ochepa, ndipo pafupifupi aliyense wodziwa matimu mokwanira kuti awasanje ndi wosewera, kapena anasewerapo, kapena amalemba mafunso pamodzi ndi osewera. Mukachotsa onsewa mutsala ndi anthu osakondera koma osadziwa kanthu, ndipo iwo ndi amene angavotere mayina otchuka kuposa wina aliyense. Mankhwala amene ndawaona akugwira ntchito ndi ena: pepala la wovota aliyense lionetsedwe ndi dzina lake, wovota asaike timu yake pa pepala lake kapena voti yakeyo isawerengedwe pa timu imeneyo, woyendetsa mavoti akhale ndi mphamvu yobweza pepala limene laiwala timu yodziwikiratu kuti ndi yamphamvu, ndiponso ovota achokere m'madera onse. Ena amachotsa voti yapamwamba kwambiri ndi yotsika kwambiri ya timu iliyonse asanawonkhetse. Ine ndimaona kuti kuonetsa mapepala poyera ndiko kofunika koposa, chifukwa munthu amene akudziwa kuti adzafunsidwa chifukwa chake amachepetsa yekha kukondera. Choncho ngati mapepalawo alipo, kawerengeni. Ngati awiri aja anaika timu yawo pa 12 kapena 13 pamene ena onse anaiika pakati pa 11 ndi 17, palibe nkhani. Ngati anaiika pa 6 ena onse akuti 18, muli ndi funso loyenera kufunsa. Muonenso ngati kuchotsa mapepala awo awiriwo kukanakulowetsani pa mndandanda, chifukwa n'kutheka kuti kukanangotsitsa timu ija osakukwezani inu.

Ena amati tingosiya anthu, makina aziwerengera. Njira zimenezi zilipo, ndipo n'zimene zili ndi mphamvu yeniyeni pa tsogolo lanu. NAQT imaitanira matimu ku ICT potengera zimene achita pa mipikisano ya m'zigawo yotchedwa SCT, imene imachitika cha mu February, ndipo amene sanapambane chigawo chawo amasanjidwa ndi nambala yotchedwa D-value, imene imaphatikiza mapointi a tossup, mapointi a bonasi ndi mphamvu ya adani amene timu inakumana nawo. Kawerengedwe kake n'kolembedwa poyera, moti mukhoza kukatsimikizira nokha. ACF ili ndi nambala yake yofananako, A-value, yochokera pa Regionals. Ena amagwiritsa ntchito njira ya Arpad Elo, imene bungwe la chess la dziko lonse linaivomereza mu 1970. Komabe makina sadziwa kuti wosewera wanu wamkulu anali ndi chimfine, kapena kuti timu inagawidwa pawiri, ndipo njira ya Elo imafuna masewero ambiri pakati pa madera osiyana, chinthu chimene quiz bowl ilibe mpaka April. Amene anasankha kuti bonasi ilemere motani poyerekeza ndi tossup ndi munthunso. Ubwino wa nambala n'ngwakuti zimalakwira aliyense mofanana ndipo lamulo lake limadziwika masewero asanayambe.

Ndiye muchite chiyani? Njira yoyamba, imene ine ndingasankhe, ndi kulembera woyendetsa mavotiwo mwaulemu komanso mwamseri, osati kudandaula koma kupereka zimene ovota mwina alibe: mayina a osewera anu anayi a chaka chino, mipikisano imene mwasewera, ndani analipo pa uliwonse, ndi PPB yanu pambali pa ya matimu a nambala 20 mpaka 25 pa mafunso omwewo. Ngati nambala zanu zikuposa zawo, pepalalo lidzalankhula lokha pa mavoti otsatira. Ngati sizikuwaposa, mwadziwa choona popanda kukangana ndi munthu. Njira yachiwiri ndi kudzipereka kuti inuyo kapena mnzanu mmodzi muvote nawo ulendo wotsatira, chifukwa kawirikawiri oyendetsa mavoti amasowa anthu, makamaka ochokera m'madera amene saimiridwa. Ndikukuchenjezeranitu kuti mukadzakhala pansi kusanja matimu 25, mudzayamba kuwamvera chisoni amene mukuwakwiyira lero. Mukhozanso kupereka maganizo osintha malamulo, monga aja ndatchula, koma muwapereke ngati lamulo lokhudza aliyense, osati ngati mlandu wa anthu awiri.

Kalata yapoyera yotchula anthu mayina ili ndi zoopsa zimene anzanu sakuziona. Amene mungawanene kuti ndi okondera ndi omwewo adzakuwerengereni mafunso mwezi wamawa, adzalembe mafunso amene mudzasewere, ndipo mwina ndi amene mudzawapemphe kuti abweretse matimu pamene kalabu yanu ikonza mpikisano wake wopezera ndalama. Kunena munthu kuti wachita chinyengo popanda umboni kumamatira pa dzina la timu kwa zaka, ngakhale olemba kalatayo atamaliza kale sukulu. Maganizo a mnzanu akuti musiye kupita ku mipikisano ndiwo oipa koposa, chifukwa chimene chakusowetsani pa mndandanda n'chakuti anthu sanakuoneni mokwanira, ndipo kukhala kunyumba kungangowonjezera vuto lomwelo. Ngati thumba likulola ulendo umodzi wokha wautali, sankhani mpikisano wa mafunso olimba kumene kudzakhale matimu atatu kapena anayi a pa mndandanda, ngakhale mukagonje masewero ambiri.

Za ofesi ya makalabu, musadikire kuti akufunseni nambala. Alembereni tsamba limodzi lofotokoza kuti mavotiwa si a NAQT kapena ACF, ndipo muikepo zinthu zimene angathe kuzitsimikizira: malo amene munathera pa mpikisano uliwonse, sukulu zimene munazigonjetsa, kuchuluka kwa mamembala, ndi kusiyana kwa chaka chino ndi chatha. Ngati osewera anu onse ali pa digiri yoyamba, nenani zimenezo, chifukwa matimu ambiri apamwamba ali ndi ophunzira a digiri yachiwiri ndi yachitatu amene asewera zaka zambiri, ndipo mipikisano yonse iwiri ya dziko imapereka ulemu wapadera kwa timu yabwino ya digiri yoyamba. NAQT ilinso ndi Division II ya osewera atsopano, ndipo n'koyenera kuona ngati ena mwa inu akuloledwa kumeneko.

Pali nthawi zina pamene nkhani imaposa mavoti, ndipo pamenepo musaisenze nokha. Mukaona kuti mapointi a masewero ena analembedwa molakwika, uzani wamkulu wa mpikisanowo msanga, makamaka pa SCT kapena Regionals, chifukwa cholakwa chimenecho chimalowa mu D-value kapena A-value ndipo chikhoza kukumanitsani malo enieni. Mukakhala ndi dandaulo pa kaitanidwe ka ku mpikisano wa dziko, lemberani bungwe lenilenilo, ndipo mphunzitsi woyang'anira kalabu yanu aione kalatayo isanapite. Mukakhala ndi chifukwa chomveka choganizira kuti wina anaona mafunso asanaseweredwe, imeneyo ndi nkhani yaikulu imene mabungwewa saitenga mopepuka: mu 2013 NAQT inalanda Harvard zikho zinayi za pakati pa 2009 ndi 2011 zitadziwika kuti wosewera wina, amene ankalembanso mafunso ku bungwelo, ankatsegula masamba oonetsa mbali ya mafunso a mpikisano wa makoleji. Nkhani yotere ipite mwamseri kwa eni mafunsowo pamodzi ndi umboni, osati m'makambirano a pagulu. Ndipo ngati mkanganowu ungafike poti wina akunyozedwa chifukwa cha kumene anachokera, khungu lake kapena kalankhulidwe kake, kapena ngati inuyo mwayamba kusowa tulo ndi kutsalira m'maphunziro chifukwa cha ukaputeni, pitani kwa mphunzitsi woyang'anira kalabu ndi ku ofesi ya uphungu ya yunivesite yanu, chifukwa munapita kumeneko kukatenga digiri.

Pakadali pano, pa kukumana kwanu kotsatira tengani mapepala a mapointi a masewero 11 aja, muwerengere limodzi bonasi zonse zimene munapeza 10 kapena 0, ndipo mulembe kuti zinali za phunziro liti. Mukapeza kuti zambiri zagwera mbali imodzi, kaya ndi sayansi ya zamoyo kaya ndi nyimbo zakale za ku Ulaya, mupatse munthu mmodzi phunziro limenelo kuti alilimbikire kuyambira lero mpaka SCT ya mu February, ndipo mudzandilemberenso D-value yanu ikatuluka.